Ka "zi" Kamene Kanatilanda Dziwe

Kumunsi kwa mudzi wathu, m'dela la Luembe, kuli dziwe limene mtsinje wa Luangwa unasiya utasintha njila kalekale. Mvula ikagwa, mtsinje umasefukila m'menemo, nsomba n'kulowa kukaswana. Madzi akabwelela, nsomba zimatsala. Pambali pa dziwelo pali mtengo wa mvunguti. Ana a masiku ano amauzidwa kuti achinyamata a nthawi ija ndiwo anapeleka dziwe limeneli kwa alendo. Si zoona. Ine ndinalipo, ndipo pakamwa pamene panalakwa ndi panga.

Mwambo wa dziwelo unali wosavuta. Mvula yoyamba ikagwa, munthu mmodzi wa m'banja lathu ankapita pamvunguti paja ndi tsamba la mlaza, n'kulimanga mfundo panthambi yoyang'ana kumadzi. Akatelo tinkati dziwe latsekedwa. Panalibe woponya mbedza kapena kutchela mono. Kutunga madzi ndi kumwetsa mbuzi kunali kololedwa, koma nsomba ayi. Panalibe mlonda, ndipo sindikumbuka kuti wina anagwidwapo. Dzuwa likafika potentha kwenikweni, masamba atatha m'madimba, yemwe uja anamanga ankapita m'mawa kukamasula mfundo. Pamenepo midzi yonse yozungulila inkatsikila m'madzi pamodzi, amai ndi madengu opanda pansi ovundikila nsomba, amuna ndi mikondo. Kuyambila tsiku limenelo aliyense ankagwila mmene afunila, mpaka mvula ibwelenso.

Ntchito yomanga ndi kumasula inkachoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake. Inayenela kugwela ine. Amalume atandiuza, ndinali ku sekondale ku Petauke, ndili ndi nsapato ndi taye, ndipo ndinawayankha kuti ndilibe nthawi. Sanakalipe. Anadikila zaka zambili mpaka mlongo wanga anabeleka mwana wamwamuna, amene kwathu timati muphwa, ndipo atakula anayamba kupita naye pamvunguti. Amalume anamwalila mvula isanagwe, m'zaka zoyamba za zipani zambili. Mvula itagwa, muphwa wanga anamanga mfundo yake yoyamba ali yekha. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anasiya sukulu pa giledi naini, ndipo kupatula khasu analibe china chimene anthu ankamulemekezela. Chaka chonsecho ankadikila tsiku limodzi, lokamasula mfundo yake anthu onse akuona.

Chaka chomwecho inenso ndinali nditabwelela kumudzi. Ndinali kalaliki padepoti yogula chimanga ku Petauke. Boma latsopano linati malonda akhale a aliyense, depoti inatsekedwa, ife anatiuza kuti tipite. Ndinafika kumudzi ndi njinga, sutikesi ndi Chizungu. Pa zitatuzi, chimene anthu anachiona chothandiza chinali njinga.

Nthawi yozizila kunafika motoka yoyela. Tinamva kuti kampani ina ikufuna malo m'mbali mwa mtsinje kuti izisunga nyama ndi kumanga nyumba za alendo odzaziona. Masiku amenewo zinthu zonse zinali ndi wogula. Lamulo linkati asanapatsidwe malo amve kaye maganizo a anthu, ndipo anatumiza mzungu wina wamkazi, wachitsikana ndithu, kuti amve makamaka achinyamata. Anali waulemu. Ankavula chipewa popeleka moni kwa akulu, ndipo ankalemba chilichonse m'kabuku. Sindimuda. Anafuna womasulila, ndipo aphunzitsi anamulozela kwa ine. Ndinavomela msanga. Ndinali nditakhala miyezi yambili popanda munthu wofuna Chizungu changa.

Tinakumana Loweluka m'kalasi ya sukulu ya pulaimale. Achinyamata anadzaza mabenchi, ena anakhala m'mawindo. Muphwa wanga anakhala kutsogolo, atavala shati ya malemu amalume anga imene inamukulila m'mapewa. Mzungu uja atafunsa kuti ameneyu ndani, ndinamufotokozela za mfundo. Muphwa wanga anafuna kudziwa zimene ndanena, ndipo nditamuuza anatembenukila kwa anzake.

"Mwaona? Amalume amamasulila, ine ndimamasula. Banja lathu ndi la ntchito imodzi."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka.

Funso loyamba linali lakuti dziwe lili ndi phindu lanji kwa iwo monga achinyamata, poti ena amati miyambo ndi ya okalamba. Anayamba kuyankha ndi mnyamata wina wamtali amene ankagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, panjinga m'midzi.

"Amuuze kuti za mizimu ine sindidziwa, ndimapemphela. Koma kutsidya kuli dziwe lina lopanda mfundo. Apite akaone. Muli achule okhaokha, nawonso owonda."

"Iwe unawayeza liti achule?" anafunsa mnzake ali pawindo.

"Ndinawayeza ndi iwe. Munalingana."

Mtsikana wina anati tsiku lotsegula ndi pamene amaonela amuna. "Mnyamata akhoza kuvala bwino chaka chonse. Tsiku limenelo timaona amene amaopa matope. Ena amangoima pamtunda ngati asunga zovala za anzawo."

"Tchula dzina," anatelo anyamata.

"Adzidziwa yekha. Taonani amene wayang'ana pansi."

Ndinkamasulila zonse, ndi nthabwala zomwe, ndipo mzungu uja ankaseka mochedwa, anzake atamaliza kale.

Kenako anaimilila mtsikana amene sankalankhula kawilikawili. Makolo ake anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Anakhala zaka zingapo kumalo kumene boma linkasunga othawa nkhondo ku Petauke, ndipo anzawo atabwelela kwawo iwo anatsala, n'kupeza munda kwathu. Analankhula akuyang'ana ine, osati mlendo.

"Bambo, muwauze bwino izi. Ife kulikonse kumene tinkapita ankayamba ndi kutifunsa kadi. Kuchipatala kadi, polandila ufa kadi. Chaka choyamba kuno, tsiku lotsegula, amai anaima patali ndi dengu lobweleka, akuopa kulowa. Amai ena anawakoka dzanja n'kuwauza kuti, lowani, ndipo mutseke miyendo, mlamba umathawila pamenepo. Palibe anafunsa kuti tachokela kuti. Tinabwela kunyumba ndi milamba isanu ndi matope mpaka m'makutu. Atate anati basi, kuno ndiye kwathu."

Mzungu uja analemba kwa nthawi yaitali.

Panali ena amene sanagwilizane nazo. Mnyamata wina anati miyezi yodikila ndi yambili, munthu njala ya ndiwo imamupweteka akuona nsomba zikudumpha. Wina anati iye akufuna ntchito, kaya ya ulonda kaya yotsuka mbale za alendo, nsomba sizigula sopo. Muphwa wanga anawayankha mwachidule, monga ankachitila amalume.

"Ukadya mlamba wa mazila wadya ndiwo za chaka chamawa. Dikila, udzadya mpaka kudana nazo."

Sanali ana osadziwa kanthu. Ndakhalapo m'misonkhano ya akuluakulu ovala majekete, koma sindinamvepo nkhani ya malo ikukambidwa bwino ngati tsiku lija.

Pomaliza mzungu uja anawelenga funso lolembedwa papepala lina, limene sanalembe yekha. M'Chizungu linkati: kodi mukuvomeleza kuti dziwe litsekedwe, pasakhale kugwila nsomba? Ndinalimva bwinobwino. Koma m'mutu mwanga munali dziwe lathu, limene kutsekedwa kwake kumabwela ndi mvula ndi kutha ndi dzuwa. Kwathu sitinkadziwa kutseka kopanda kutsegula. Sukulu imatseka, chigayo chimatseka, njila ya kumtsinje imatsekedwa ndi madzi, zonse zimatsegulidwanso. Ndinatembenukila kwa achinyamata ndi kunena kuti:

"Akufunsa kuti, kodi mufuna kuti dziwe lizitsekedwa?"

Papepala panali "litsekedwe". Pakamwa panga panatuluka "lizitsekedwa". Kusiyana kwake ndi ka "zi" kokha. Koma ka "zi" kameneka ndiko kamanyamula chaka ndi chaka, mvula ndi dzuwa, kumanga ndi kumasula. Popanda iko chitseko chimatsekedwa kamodzi basi.

Manja onse anakwela, ndi a uja wodandaula za njala ya ndiwo. Muphwa wanga anakweza awili. Mzungu uja anawajambula chithunzi ali choncho, ndipo anandifunsa ngati onse avomela. Ndinati inde, onse. Ndinapita kunyumba ndikudziona kuti ndagwila ntchito yabwino.

Patapita miyezi iwili kunabwela thilakitala ndi mitengo ya mpanda. Anaimika mpanda wa waya kuchokela kumtsinje, kuzungulila dziwe lonse, mvunguti n'kukhala mkati. Anasiya kampata kamodzi kumapeto koti amai azitungilapo madzi. Pageti anakhomapo chikwangwani cha zilankhulo ziwili. Chinkati malo ano ndi otetezedwa, kugwila nsomba n'koletsedwa nthawi zonse, ndipo izi zachitika popempha achinyamata a dela lino, amene amalemekeza mwambo wa makolo awo.

Mawu otsilizawo ndi amene amandiwawa mpaka lelo. Akanangolanda n'kunena kuti talanda, tikanadziwa kuti tagonja kwa amphamvu. Koma anatenga mawu abwino a ana aja, a mtsikana wa ku Mozambiki, a mnyamata wa salaula, n'kuwasandutsa loko wa pageti. Mwambo umene unkatidyetsa anaulemba pachikwangwani ngati chifukwa chotiletsa kudya.

Ndinawelenga chikwangwanicho kawili, ndipo ndili pomwepo ndinakumbuka funso lija monga linalili papepala ndi monga ndinalinenela. Ndinakwela njinga n'kubwelela kunyumba, osauza munthu.

Anthu sanafunefune wolakwa nthawi yaitali. Amene amagwila mfundo ndi amene anakhala kutsogolo, ndiponso ndi amene anakweza manja awili. Mbili inayenda kuti muphwa wanga wagulitsa dziwe. Ena anati am'lonjeza njinga, ena anati wailesi. Akadutsa pamene amuna akhala, wina ankafunsa mnzake mokweza kuti madzi akugula bwanji masiku ano. Mlongo wanga akafika pachitsime amai anzake ankasiya kucheza. Achinyamata ena onse anadzudzulidwanso m'nyumba zawo: ana a zipani zambili, osamva, ongofuna za azungu. Anayesa kufotokoza kuti iwo anavomela za mfundo, koma chikwangwani chinali cholembedwa, ndipo iwo anali ndi pakamwa pokha.

Ndinakhala chete milungu iwili. Ndilibe chodzitetezela. Ndinali munthu wa sukulu m'mudzi, ndipo Chizungu ndicho chokha chinanditsalila. Kuvomela kuti ndinalakwa pomasulila kunali ngati kuvula pamsika.

Tsiku lina masana mlongo wanga anabwela ndili kukonza tcheni ya njinga. Sanakhale pansi.

"Achimwene, mwana wanu sakudya. Inu munalipo. Anagulitsa kapena sanagulitse?"

"Sanagulitse."

"Nanga bwanji simunena? Mukudikila kuti amumenye?"

Ndinamuuza zonse, tcheni ili m'manja.

"Amalume anakupemphani kumanga tsamba limodzi, munakana. Lelo mwamanga dziwe lonse."

Anapita osatsazika.

Lamulungu, mapemphelo atatha, ndinapempha kulankhula panja pa tchalitchi anthu asanabalalike. Ndinanena mmene funso linalembedwela ndi mmene ine ndinalinenela. Ndinati ana aja anayankha bwino funso limene anafunsidwa, ndipo wolakwa ndine. Anthu ena sanamvetse msanga. Bambo wina wachikulile anandiuza kuti ndibweleze mawu awiliwo. Ndinabweleza.

"Ka 'zi' kokha?"

"Kokhako, bambo."

"Sukulu yonse ija ya ku Petauke, n'kudzagwa pa ka 'zi'."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Muphwa wanga anali ataima kumbuyo. Sanandiyang'ane. Anthu atabalalika anangondifunsa kuti, "Ndiye tikakonza kuti, amalume?" Kwa iye nkhani inali isanathe. Mfundo yake inali ikadali panthambi, ndipo masiku otentha anali kuyandikila.

Tinapita kumaofesi a boma ku Nyimba anthu atatu: ine, muphwa wanga ndi mtsikana wa ku Mozambiki uja, amene anati mawu ake ndi amene anabedwa kwambili. Mnyamata wa salaula tinamuitana, koma anati ali ndi zochita. Tinayenda pa njinga mpaka kumsewu, kenako pa lole ya thonje. Kuofesi tinadikila kuyambila m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Bwana amene tinamupeza sanali wankhanza. Anatipatsa mipando, anatsegula kabati, n'kutulutsa mapepala omangidwa pamodzi. Pamwamba pake panali chithunzi chija.

"Manja awa ndi a yani?"

"Ndi athu, bambo," anatelo muphwa wanga. "Koma funso limene lili pansipo si lathu."

Ndinafotokoza za kulakwa kwanga. Bwanayo anamvetsela akuseweletsa bolopeni.

"Bambo, inu ndinu ophunzila. Litsekedwe, lizitsekedwa, n'chimodzimodzi. Chinyanja n'chomwecho. Chachikulu n'chakuti anavomela kutseka."

Anayankha ndi mtsikana uja, mawu ake ali pansi.

"Bambo, ofesi yanu ino imatsekedwa madzulo, eti?"

"Inde."

"Ndiye izitsekedwa, n'zabwino, mukapume. Koma wina akati itsekedwe, mawa mubwela kudzachita chiyani?"

Bwanayo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati mwanayu akanapitiliza sukulu akanakhala loya. Kenako anabweza mapepala m'kabati. Anati nkhaniyo inachoka kale m'manja mwake, inasainidwa ku Lusaka, ndipo ngati tili ndi dandaulo tilembe kalata. Ndinafunsa za mzungu uja, poganiza kuti iye ali ndi kabuku kamene munali mawu onse a ana. Anati anamaliza ntchito yake, anabwelela kwawo.

Chimene chinandikwiyitsa sichinali kukana. Chinali kuseka kuja. Anamva, anavomeleza mumtima kuti mtsikanayo wanena zoona, n'kutseka kabati. Pofuna malo anatumiza motoka mpaka kumudzi kudzamva achinyamata. Achinyamata omwewo atabwela okha pa lole ya thonje kudzanena kuti simunatimve bwino, anakhala ana oseketsa. Maganizo awo anali ofunika tsiku limodzi lokha, tsiku limene anagwilizana ndi pepala.

Makalata ndinalemba atatu, m'Chizungu chosamala kuposa chilichonse chimene ndinalembapo. Palibe inayankhidwa.

Dzuwa linafika potentha. Masamba anatha m'madimba. Madzi m'dziwe anatsika, ndipo munthu ukaima kuwaya unkaona misana ya milamba ikugwedeza matope. Muphwa wanga anauza anthu tsiku, monga ankachitila amalume. Ndinamufunsa kuti akuganiza kuti chichitike n'chiyani.

"Ndinamanga, amalume. Ndiyenela kumasula."

M'mawa wa tsikulo anthu anabwela ndithu, ochokela m'midzi yonse, ndi madengu ndi mikondo. Sindikhulupilila kuti ankayembekeza kulowa. Miyendo inangowabweletsa monga zaka zonse. Anaima m'mbali mwa waya. Pageti panali alonda atatu a yunifomu, mmodzi ali ndi mfuti. Pakati pawo panali mnyamata wa salaula uja. Apa ndi pamene tinadziwa zochita zimene anali nazo tsiku lopita ku Nyimba. Nsapato anam'patsa zazikulu, ndipo sankadziwa koika maso.

Muphwa wanga anafika pageti wopanda dengu, wopanda mkondo, atavala shati ija ya amalume, n'kuima pamaso pa wa salaula uja.

"Nditsegulile, ndikamasule."

"Iwe, usandivutitse. Ukudziwa kuti ndili pa ntchito."

"Inenso ndili pa ntchito. Yanga ndi yakale kuposa yako."

"Nsomba n'zoletsedwa."

"Waona nsomba m'manja mwanga? Pachikwangwani pako palembedwa za mlaza?"

Mnyamatayo anayang'ana mnzake wa mfuti, amene anali mlendo kwathu ndipo sankamvetsa kuti mkangano ndi wa chiyani. Anamuuza kuti ndi zamwambo chabe, tsamba louma. Wa mfutiyo anakweza mapewa. Geti inatsegulidwa pang'ono.

"Ufulumile," anatelo wa salaula. Muphwa wanga akudutsa, anawonjezela motsitsa mawu, koma ine ndinamva: "Za achule aja ndinanena zoona."

"Ndikudziwa. Udzawaweta kuno."

Anayenda yekha mpaka pamvunguti. Anakwela, anakhala panthambi, n'kuyamba kumasula. Mlaza ukauma umalimba, ndipo amalume ankati mfundo sadula ndi mpeni. Inamutengela nthawi. Anthu mazana anali chete kuwaya, akuyang'ana mnyamata mmodzi akulimbana ndi tsamba. Zaka zonse mfundo ikamasuka amai ankaimba nthungululu, anthu n'kuthamangila m'madzi. Tsiku lija itamasuka amai amodzi okha anayamba nthungululu, n'kuilekela pakati.

Anatsika, anatuluka pageti, n'kuima poti onse amve. Sanakweze mawu kwambili.

"Ife tatsegula. Ngati lili lotseka, atseka ndi ena."

Anthu anaima pang'ono, kenako anayamba kubwelela, madengu ali pamutu opanda kanthu. Palibe anatchulanso za njinga kapena wailesi. Bambo wachikulile uja anam'gwila paphewa podutsa. Mtsikana wa ku Mozambiki anali ndi amai ake, atanyamula dengu lawolawo limene analuka chaka chimenecho.

Muphwa wanga anabwela pamene ndinaima n'kundipatsa tsamba lija, lopindikapindika mmene linaumila.

"Sungani ndinu, amalume. Ine ndamasula. Zomasulila n'zanu."

Sananene mwaukali. Zikanakhala bwino akanakalipa.

Mvula itagwa sanapite kukamanga. Anthu ena anam'pempha, iye anakana. Zimene zinatsatila ndinaziona ndi maso. Pasanathe zaka zambili waya unayamba kudulidwa. Anthu omwe aja amene sakanadutsa tsamba la mlaza ngakhale ana akulila ndiwo, anayamba kulowa mobisa ndi maukonde a udzudzu, nthawi ya mvula, nsomba zili ndi mazila. Sankaona kuti akulakwila aliyense wodziwika. Dziwe silinalinso la amene adzatsike nawo m'madzi pamodzi, linali la kampani. Alonda anawonjezedwa, anyamata angapo anamangidwa, mmodzi wa iwo anali uja anakweza dzanja ngakhale ankadandaula za njala ya ndiwo. Kampani inagulitsa malowo kwa ina. Chikwangwani chinafufuma, koma mawu aja onena za achinyamata amawelengekabe.

Pambuyo pake kunabwela alendo ena ndi motoka ina, kudzatiphunzitsa kusamala zachilengedwe. Anati vuto la anthu a kuno n'lakuti sadziwa kuti nsomba zimafunika nthawi yoswana. Anandipempha kuti ndimasulile. Ndinakana. Ndinakhala kumbuyo n'kumva mwana wa sukulu akuwauza anthu a kwathu, m'chilankhulo chawo, zimene iwo ankachita ndi tsamba limodzi agogo a alendowo asanabadwe.

Tsamba lija ndinaliika m'dikishonale yanga ya ku sekondale, ndipo likadali momwemo. Muphwa wanga tsopano ali ndi banja, amalima thonje, ndipo mlongo wake ali ndi mwana wamwamuna amene wayamba kufunsa za mvunguti. Chaka chatha mvula yoyamba inatipeza tili limodzi pakhonde. Fungo la dothi litakwela ndinamufunsa ngati sangapite kukamanga, ngakhale kungoti mwanayo aone mmene amachitila.

Anatembenukila kwa ine.

"Amalume, mundifunse bwino. Ndikamange, kapena ndizimanga?"

Ndinati sindidziwa.

"Mukadziwa mudzandiuze. Sindimanga chimene sadzandilola kumasula."